Mafunso a Owerenga: Chakumwa cha maapozi cha kumayiko ozizira chikafika m'Chigwa cha Shire

Mwezi uno tasankha makalata atatu ochokera kumunsi kwa Shire, ndipo onse akukhudza chakumwa chosakaniza cha maapozi. Kalata yoyamba ndi imene tikhalepo nthawi yaitali chifukwa mafunso ake ndi ochuluka.

FUNSO: Amayi a tsamba la zophikaphika, ine ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala ku Nchalo. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku America ananditumizira pa WhatsApp kapangidwe ka cocktail wa maapozi amene akuti amamwa kumeneko m'nyengo ya autumn. Analemba kuti pa tambula imodzi pafunika bourbon ma ounce awiri, apple cider ma ounce anayi, maple syrup, ndimu ndi sinamoni. Mu Okutobala, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa bambo a kunyumba, ndinagula burande ndi cider wa m'mabotolo kumalo ogulitsira mowa, n'kusakaniza mongoyerekeza ndi maso. Alendo anayamikira, koma alamu anga, amene mabotolo atatu a mowa sawagwedeza, anayamba kuimba nyimbo za kupulayimale atangomwa matambula awiri. Ulendo wachiwiri ndinafinya ndekha madzi a maapozi, koma anada ngati tiyi, ndipo amene ndinasunga ndinawapeza akuchita thovu mawa lake. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Nchalo, Chikwawa.

YANKHO: Zikomo kwambiri amayi, ndipo alamu anuwo muwapepesere, chifukwa mlandu si wawo. Chimene chinakusocheretsani poyamba ndi liwu lakuti cider, limene lili ndi matanthauzo awiri osiyana kwambiri malinga ndi dziko limene wolankhulayo ali. Munthu wa ku America akati apple cider amatanthauza madzi a maapozi ongofinya kumene, osasefedwa kwenikweni, ooneka mwa matope ndiponso opanda mowa ngakhale pang'ono, moti ndi ana omwe amamwa. Akafuna kunena wa mowa amawonjezera liwu lakuti hard kutsogolo. Koma ku Britain, ku South Africa ndi kwathu kuno, cider ndi mowa wa maapozi, monga Savanna ndi Hunter's amene timawaona m'mashopu, ndipo mphamvu yake imakhala pakati pa 4 ndi 6 peresenti. Choncho pamene mng'ono wanu ankanena kuti musungunule mowa waukali ndi madzi a zipatso, inu munasungunula mowa ndi mowa unzake.

Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza ndinu mphunzitsi. Ounce imodzi ndi pafupifupi mamililita 30, ndiye kuti ma ounce awiri a burande ndi mamililita 60, ndipo ngati burandeyo ndi wa 40 peresenti, mowa weniweni mmenemo ndi mamililita 24. Cider wa mamililita 120 akuwonjezerapo mamililita ena 6 kapena 7. Botolo la mowa wamba la mamililita 330, wa 5 peresenti, lili ndi mowa weniweni wokwana mamililita 16 ndi theka basi. Tambula imodzi ya chakumwa chanu inali pafupifupi mabotolo awiri, ndipo apo ndi pamene tikuganiza kuti dzanja lanu silinapitirire muyezo, chinthu chimene ndikukayika, chifukwa munthu wothira ndi maso pa tsiku la chisangalalo sathira mochepa. Alamu anu anamwa mabotolo anayi kapena asanu m'kanthawi kochepa, m'kutentha kwa Okutobala, mowawo utabisala m'kutsekemera.

Tsopano za autumn, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, nyengo imeneyi imayamba mu Sepitembala mpaka Novembala. Ndi nthawi imene mitengo imayoyola masamba, kunja kumayamba kuzizira ndipo maapozi amakhala akuthyoledwa m'minda, moti amachuluka ndi kutsika mtengo ngati mmene amachitira mango kwa ife mu Disembala. Chakumwa chimene munalandiracho anachikonza anthu amene akufuna chinthu cholemera, chotsekemera ndi chonunkhira zokometsera, choti chiwatenthetse m'thupi madzulo ozizira. Uthenga umenewu umafika pa foni yanu m'mwezi umene ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene munthu amagona pakhonde chifukwa m'nyumba ya malata simulowedwa. Ine maganizo anga ndi akuti chakumwachi tisachitsatire monga chinalembedwera. Tisunge fungo la apozi ndi sinamoni, koma shuga ndi mowa tichepetse, kuwawasa ndi kuzizira tiwonjezere.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Mtengo wa maapozi umafuna nyengo yozizira yaitali kuti uchite maluwa bwino, n'chifukwa chake m'chigwa chathu chino subereka, ndipo ngakhale alimi ena a m'madera okwera amalimako pang'ono, maapozi ambiri a m'misika yathu amachokera ku South Africa, makamaka kumadera a Elgin, Grabouw ndi Ceres m'chigawo cha Western Cape. Kumeneko amathyola kuyambira chakumayambiriro kwa chaka mpaka cha mu Meyi, ndiye kuti autumn wawo amagwirizana ndi masika athu. Apozi amene mukugula mu Okutobala wakhala miyezi ingapo m'nyumba zoziziritsa, kenaka wayenda ulendo wautali pa galimoto, watsika phiri kuchokera ku Blantyre, n'kudzakhala padzuwa pa benchi ya wogulitsa. Ngati mukufuna chakumwa ichi pa ubwino wake weniweni, miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni ndi imene maapozi amakhala atsopano.

Pogula, sankhani obiriwira aja a mtundu wa Granny Smith, amene dzina lawo linachokera kwa mayi wina wa ku Australia, Maria Ann Smith, yemwe anayamba kuwalima pafupi ndi Sydney cha m'ma 1868. Ndi owawasa, olimba, ndipo amapirira kusungidwa kuposa ambiri. Ofiira monga Royal Gala ndi achikasu a Golden Delicious ndi otsekemera, koma paokha amatulutsa madzi opanda ukali, amene akakumana ndi ayisi amangomveka ngati madzi a shuga. Ine ndimasakaniza obiriwira awiri ndi wofiira mmodzi. Chinyamuleni chipatsocho m'manja mumve kulemera kwake, kenaka dinizani ndi chala chachikulu pafupi ndi kamtengo ka pamwamba. Chikabonyoka, kapena khungu likakhala ndi makwinya ngati chala chimene chakhalitsa m'madzi ochapira, m'kati mwake mwasanduka ufa ndipo simupezamo madzi. Chimene chayamba kuola kapena kuchita nkhungu musachigule ngakhale akutsitsireni mtengo, chifukwa nkhungu ya maapozi imatulutsa poizoni wotchedwa patulin amene amalowerera kupitirira pamene paoneka poola, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Kuda kwa madzi anu si chizindikiro cha kuwonongeka. M'chipatsochi muli chinthu chachilengedwe chotchedwa polyphenol oxidase, chimene chimagwirizana ndi mpweya chipatso chikangodulidwa n'kusintha mtundu wake, monga mmene zimachitikira ndi mbatata kapena nthochi yosenda. Ndimu ndi amene amachedwetsa zimenezi, koma chinsinsi chili pa nthawi yothirira. Inu mwina munafinya kaye madzi onse n'kudzathira ndimu pomaliza, pamene kuda kunali kutachitika kale. Yambani ndi kufinyira ndimu m'mbale yopanda kanthu, supuni imodzi yaikulu pa maapozi atatu alionse. Tsukani zipatsozo ndi madzi abwino, musazisende chifukwa fungo lambiri lili m'khungu, chotsani mtima wake ndi njere, ndipo muzipalira ndi gireta m'mbale momwemo, mukutakasa pafupipafupi kuti zopalazo zinyowe ndi ndimu. Mukatero ikani zopalazo pa nsalu yoyera yochapidwa bwino, mangani ngati kathumba, n'kupotokola mpaka madzi atasiya kudontha. Mudzaona madzi obiriwira motuwa, okhala ndi kathovu koyera pamwamba, ndipo adzakhala choncho kwa maola angapo. Chipatso chimodzi chachikulu chimakwanira tambula imodzi ya chakumwa.

Thovu limene munalipeza mawa lake ndi nkhani ina, ndipo mayi aliyense amene anasiyapo thobwa masiku awiri m'chilimwe amaidziwa. Pa khungu la zipatso ndi mumpweya muli yisiti yachilengedwe imene imadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya, ndipo kutentha kwa kwathu kuno kumaifulumizitsa kwambiri. Madzi ofinya pamanja sanaphikidwe, choncho finyani okwanira tsiku lomwelo. Otsala akhoza kugona m'firiji usiku umodzi, koma ngati magetsi anazima kwa maola ambiri, ataye. Musawatsekere m'botolo lagalasi pamalo otentha, chifukwa mpweyawo ukachuluka botolo limaphulika. Ngati kufinya kwakukulirani, madzi a m'katoni amagwira ntchito, bola pakatonipo palembedwe 100%. Ena olembedwa nectar kapena drink amakhala osungunulidwa ndi madzi ndiponso owonjezedwa shuga. A m'katoni ndi otsekemera kuposa ofinya nokha, ndiye muchepetse ndi theka manyuchi a shuga amene ndifotokoze pansipa.

Bourbon musavutike naye. Ndi wisiki wa ku America, wochokera makamaka ku Kentucky, amene lamulo la kumeneko limati magawo osachepera 51 pa 100 a mbewu zofululira akhale chimanga, ndipo asungidwe m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka m'kati. Migoloyo ndi imene imamupatsa fungo lokhala ngati la vanila ndi shuga wopserera. Burande nayenso amasungidwa m'migolo, ndipo amagwirizana ndi maapozi kwambiri, moti ku Normandy m'dziko la France amapanga burande wa maapozi enieni wotchedwa Calvados. Pamenepa ndiye munasankha bwino. Masiku otentha kwambiri ine ndimakonda Malawi Gin m'malo mwa burande, chifukwa chakumwa chimapepuka, ngakhale kuti pamenepo sinamoni amafunika kuchepa kwambiri. Maple syrup ndi madzi a mtengo wa maple, umene umamera ku Canada ndi kumpoto chakummawa kwa America, ndipo amaphika malita pafupifupi 40 kuti apeze lita imodzi, n'chifukwa chake ndi wodula. Kungakhale kuseketsa anthu kuti munthu wa ku Nchalo, wozunguliridwa ndi minda ya nzimbe mbali zonse, azikasaka zotsekemera za ku Canada.

Pangani manyuchi anu motere. Ikani m'kapoto kapu imodzi ya shuga wa bulauni ndi kapu imodzi ya madzi, ponyanimo timitengo tiwiri ta sinamoni ndi kachidutswa ka jinja wamuwisi kofanana ndi mutu wa chala, kophwanyidwa pang'ono. Tenthetsani pa moto wochepa mukutakasa mpaka shuga yense atasungunuka, siyani aphwephwete mphindi zisanu, phulani, vundikirani ndipo muwaleke azizire okha musanasefe. Gwiritsani ntchito sinamoni wa timitengo, chifukwa wa ufa sasungunuka, amayandama pamwamba n'kumakanda pakhosi. M'botolo loyera la m'firiji manyuchi amenewa amatha milungu iwiri.

Poyeza gwiritsani ntchito supuni yaikulu yodyera, imene ndi pafupifupi mamililita 15, ndipo musaitaye m'manja ngakhale alendo atakukakamizani. Pa tambula imodzi thirani masupuni atatu a burande, asanu ndi imodzi a madzi a maapozi, imodzi ya ndimu ndi imodzi ya manyuchi. Ngati munathira kale ndimu popala, lawani musanawonjezere wina. Chokhutchumulira cha ku bala sichofunika, botolo la jamu kapena la mayonezi lotsukidwa mpaka fungo litatheratu limakwana. Thirani zonse mmenemo pamodzi ndi ayisi wodzaza dzanja, tsekani zolimba, khutchumulani mwamphamvu mukuwerenga mpaka 15, ndipo mudzamva botolo likuluma m'manja ndi kuzizira. Sefelani m'tambula yaitali yokhala ndi ayisi watsopano, dzazitsani ndi soda (madzi a mpweya a m'botolo, osati soda wophikira), ndipo mulowetsemo kachidutswa kopyapyala ka apozi. Soda asalowe m'botolo lokhutchumulira, mungasambe naye. Tambula imeneyi ili ndi mowa weniweni wokwana mamililita 18, kungoposa pang'ono botolo limodzi la mowa wamba, ndipo mlendo aliyense muzimuuza zimenezi pomupatsa.

Ayisi ndi amene amatigonjetsa kwambiri kuno. Timabuloko ting'onoting'ono timasungunuka musanamalize kupereka moni, chakumwa n'kusanduka madzi. Umitsani madzi m'makapu apulasitiki kapena m'zitini za majarini dzulo lake, kuti mupeze zibuma zikuluzikulu zimene zimachedwa kusungunuka, ndipo muziswa ndi msana wa supuni pa nthawi yomwa. Burande, soda ndi matambula omwe aziyamba azizira. Madzi opangira ayisi akhale owiritsa kapena othira klorini. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 umene sunasiye Chikwawa ndi Nsanje, ndipo dziwani kuti kuumitsa madzi sikupha tizilombo tonse, ndiponso burande wa masupuni atatu sangayeretse ayisi wakuda. Ayisi wa m'majumbo wogula pamsewu ndi woziziritsira mabotolo mu cooler box, asalowe m'tambula.

Mukafuna kulawa chakumwachi monga amachimvera mng'ono wanu, dikirani usiku wa mu Juni kapena Julayi pamene kamphepo kamazizira ngakhale m'chigwa muno. Tenthetsani madzi a maapozi ndi manyuchi osawiritsa, thirani m'kapu, kenaka burande alowe pomaliza moto mutachoka.

FUNSO: Amayi, kwathu kuno kachasu wa masau ndi wosavuta kupeza ndiponso ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi burande wa m'shopu. Kodi sindingathire ameneyu m'chakumwa cha maapozi? Ndine bambo wa ku Bangula, Nsanje.

YANKHO: Bambo, sindikulimbikitsani, ndipo zifukwa zanga ndi ziwiri. Choyamba n'chakuti chakumwa chosakaniza chimadalira muyezo, pamene mphamvu ya kachasu siidziwika. Botolo loyamba kutuluka potcheza limakhala laukali kwambiri kuposa lomaliza, ndipo wogula sadziwa kuti wapatsidwa liti, choncho masupuni atatu a lero si masupuni atatu a mawa. Chachiwiri ndi methanol, mtundu wa mowa wa poizoni umene umapangika zipatso zikamasasa, ndipo umatha kuwononga maso ngakhale kupha kumene ukachuluka. Mafakitale ali ndi zida zoyezera, koma wotcheza kuseri kwa nyumba alibe. Kachasu womwa payekha amakuchenjezani za ukali wake ndi fungo ndi kuwotcha kwake pakhosi, koma mukamuphimba ndi shuga, apozi ndi ayisi, chenjezo limenelo mwalichotsa.

Masau enieniwo ndiye musawasiye, chifukwa aawisi okhwima bwino amakoma mofanana ndi apozi wowawasa. Tengani ouma odzaza manja awiri, tsukani, phikani m'makapu atatu a madzi kwa mphindi 20 mpaka afewe, tikitani ndi mthiko n'kusefa pa nsalu. Madziwo amatuluka ofiirira, owawasa ndi onunkhira, ndipo mukasakaniza theka la iwo ndi theka la madzi a maapozi, mwachepetsa ndalama za maapozi ndiponso chakumwa chakoma kuposa chija cha ku America. Bwemba naye amalowa bwino m'malo mwa ndimu, koma ndi waukali, choncho yambani ndi theka la supuni.

FUNSO: Amayi, ine sindimwa mowa chifukwa cha chikhulupiriro changa, koma mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga ndipo andipatsa udindo wa zakumwa. Kodi chakumwa cha maapozichi chingatheke popanda mowa, chokwanira anthu ambiri? Ndine mayi wa pa Boma, Nsanje.

YANKHO: Chingatheke ndithu amayi, ndipo pa chinkhoswe ndi chimene chiyenera kukhala pa tebulo lalikulu, chifukwa pamakhala ana osakwana zaka 18, amayi oyembekezera, oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto, ndiponso anthu amene akumwa mankhwala osagwirizana ndi mowa, monga a TB ndi metronidazole. Vuto n'lakuti mukangochotsa burande chakumwa chimatsala chopanda msana, chongotsekemera. Malo ake muikemo tiyi wakuda wopanda mkaka, wophikidwa mwaukali n'kuzizira, amene amapereka kakuwawira pang'ono kamene mowa ukanapereka, ndipo jinja wa m'manyuchi mumuwirikize kawiri.

Kwa anthu 20, sakanizani malita awiri a madzi a maapozi a m'katoni, lita imodzi ya tiyi, kapu imodzi ya ndimu ndi kapu imodzi ya manyuchi m'ndowa yoyera yokhala ndi chivundikiro, mmawa wa tsikulo osati dzulo lake. Lawani, ndipo ngati kutsekemera kukupambana, onjezani ndimu. Kumene kulibe firiji yaikulu, kulungani ndowayo ndi chiguduli chonyowa n'kuiika pamthunzi podutsa mphepo, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi. Soda wokwana malita awiri alowe pamene alendo akhala kale pansi, chifukwa mpweya wake suchedwa kuthawa kukatentha. Ena amathira Appletiser, chakumwa cha maapozi cha mpweya chimene chinayamba kupangidwa ku Elgin mu 1966, ndipo mukasankha ameneyu manyuchi muwachepetse ndi theka popeza iye ndi wotsekemera kale. Akuluakulu amene ali ndi matenda a shuga muwapatulire jagi yawo musanathire manyuchi, ndipo mumange kansalu pa chogwirira chake kuti operekera asasokoneze.